Kamera ya filimu ya malemu bambo anga yagwidwa chuku: ndiiyeretse ndi kuisunga motani?

Nabanda, Kasungu boma

Ndikupempha nzeru kwa inu akuluakulu amene munagwirapo ntchito yojambula zithunzi ndi makamera a filimu, kapena amene mumadziwa kakonzedwe kake. Bambo anga, amene anatisiya mu 2011, anali wojambula zithunzi kwa zaka zoposa 20 kwathu ku Santhe. Ankayenda pa njinga yakapalasa m'midzi ndi m'maesiteti a fodya, kujambula maukwati, maubatizo, ana a sukulu ndiponso matenanti amene ankafuna chithunzi choti akaonetse kwawo akalandira ndalama zawo pakutha pa nyengo. Mafilimu akadzadza ankakwera nawo basi kukatsukitsa ku Lilongwe, ndipo akabwerako ankayendanso khomo ndi khomo kupereka zithunzi ndi kutolera ndalama zotsala. Fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera mu kamera imeneyi, n'chifukwa chake sindikufuna kuiwononga ndi manja anga chifukwa cha umbuli.

Maliro atatha, amayi anaiika kamerayo m'chikwama chake chachikopa, n'kuikulunga m'chitenje, n'kuitsekera m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi majekete a bambo ndi timibulu tija tothamangitsa njenjete. Sutikesiyo yakhala pansi pa bedi zaka zonsezi, m'nyumba ya njerwa zosawotcha imene khoma lake la kumbuyo limanyowa dzinja lililonse. Mwezi wathawu amayi asamukira kuno kuboma kudzakhala nafe, ndipo m'pamene tinaitsegula sutikesiyo.

Kutsogolo kwa kamerayo kwalembedwa kuti Asahi Pentax K1000, ndipo pa lenzi palembedwa kuti SMC Pentax-M 50mm 1:2. Chikwamacho chinali ndi chuku chobiriwira m'misoko ndipo chikununkha nkhungu. Nditachotsa chivindikiro n'kuyang'ana lenzi pa kuwala kwa pawindo, ndinaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, toyambira m'mphepete kulowera pakati, ndipo nditapukuta ndi nsonga ya mpango sitinachoke, kusonyeza kuti tili m'kati. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo koikira filimu, m'mphepete mwake munali zinthu zakuda zomata ngati phula, zimene zinandikakamira ku zala. Ndikasuzumira poonera paja ndikuona madontho akuda, ndipo kasingano kamene bambo ankandionetsa ndili mwana kangoima osagwedezeka. Ndikakoka kachitsulo kopititsa filimu n'kudina batani, kamerayo ikulira bwinobwino kagudumu ka liwiro kakakhala pa 250 ndi pa 500, koma ndikaika pa 1 kapena pa 2 imayamba kulira kenako n'kuima pakati, n'kudzamaliza patapita kanthawi.

Mwana wanga wamwamuna, amene ali Folomu 3, akufunitsitsa kuphunzira kujambula ndi kamera ya agogo ake. Amuna anga akuti tingogula spiriti wa kugolosale tipukute paliponse, kenako tidonthezere mafuta a makina osokera m'malo amene akulimba. Ine mtima wanga ukukana. Kodi ndiyambire pati, ndi ziti zimene ndingachite ndekha pakhomo, ndipo ndikamaliza ndiisunge motani kuti dzinja likubwerali zisabwererenso?

Bambo Mwale, Mtunthama

Mayi Nabanda, mtima wanu wakuuzani zoona, ndipo muwapemphe bambo a kunyumbako mwaulemu kuti spiriti ndi mafutawo ayambe aima kaye. Ine ndinagwira ntchito yofanana ndi ya bambo anu kuyambira mu 1984, poyamba ndi Zenit-E ya ku Soviet Union, kenako ndi K1000 ngati yanuyo, ndipo makamera ambiri amene ndinawaona akufa anafera m'manja mwa eni ake amene ankafuna kuwachitira zabwino.

Choyamba ndikulimbitseni mtima. Kamera imene muli nayo inayamba kupangidwa mu 1976 ndipo inapitirira mpaka mu 1997, ndipo inakhalitsa chotero chifukwa m'kati mwake ndi masipuling'i ndi magiya basi. Shatala yake, imene imatsegula ndi kutseka njira ya kuwala kopita pa filimu, siidalira magetsi ngakhale pang'ono. Batire limene lili pansi pake limangoyendetsa kasingano koyezera kuwala kaja, kotero ngakhale kasinganoko katafa, kamerayo ijambulabe. Zimene mwafotokozazi zambiri ndi matenda a kukhalitsa malo otsekeka achinyezi, ndipo ambiri mwa iwo amachiritsika.

Lero lomwe ichotseni m'chikwama chachikopacho ndipo musaibwezeremonso. Chikopa chimamwa chinyezi n'kuchisunga, ndipo chuku chikamera m'misoko yake mbewu zake sizitha ngakhale mutachapa. Ndikudziwa kuti ndi chikwama cha bambo anu ndipo simungachitaye, choncho chipukuteni, muchiyanike pamthunzi podutsa mphepo, n'kuchisunga pachokha kutali ndi kamera.

Poyeretsa muyambe ndi kunja, ndipo lamulo lake ndi lakuti fumbi limayamba lachotsedwa ndi mphepo, kenako ndi burashi, ndipo nsalu imabwera pomalizira. Fumbi la kuno kwathu, makamaka la mu Seputembala ndi Okutobala, lili ndi timchenga tolimba, ndipo mukalipukuta ndi nsalu lili pa galasi ndiye kuti mukukwecha galasilo ngati mmene timakwechera mphika. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa umapita ndi timalovu. Kufamase mungapeze kampira kofinya kaja kopopera mphuno za makanda, ndipo katsopano kosagwiritsidwapo ntchito kamapemerera bwino kwambiri. Burashi ikhale yofewa, ngati yopakira phawuda kumaso koma yatsopano, ndipo muzidutsa nayo m'makona a mabatani kamera itayang'ana pansi kuti fumbi lizigwa. Zitsulo zakunja mungazipukute ndi kansalu kothira timadontho ta isopropyl alcohol, amene amapezeka m'mafamase akuluakulu. Spiriti wapepo wa kugolosale ali ndi utoto ndi zosakaniza zina zimene zimatsalira akauma, ndiye pa galasi asayandikire.

Galasi la kutsogolo ndi la kumbuyo kwa lenzi mulipemerere, mulisese ndi burashi, kenako mutenge kansalu koyera kopukutira magalasi a maso, mudonthezere dontho limodzi pa nsalupo osati pa galasi, n'kupukuta mozungulira kuyambira pakati kupita m'mphepete, mosakanikiza. Kuti muchotse lenzi, dinani kachitsulo kamene kali pambali pa tsinde lake n'kuipotokola kumanzere, ndipo pobwezera mulunjikitse kadontho kofiira ka pa lenzi ndi ka pa kamera.

Mukachotsa lenzi muona kalilole wopendekeka, ndipo pano ndikupemphani kuti manja anu muwamange. Kalilole wa m'nyumba amapakidwa siliva kumbuyo kwa galasi, koma wa mu kamera wapakidwa pamwamba penipeni, kotero nsalu ngakhale yofewa imasiya mikwingwirima imene siichoka. Pamwamba pa kaliloleyo pali kagalasi kosalala pang'ono kamene chithunzi chimaonekerapo mukasuzumira, ndipo kali ndi timizere tosaoneka ndi maso timene mankhwala amatiwononga kamodzi n'kamodzi. Malo awiri amenewa muwapemerere basi. Madontho akuda amene mukuwaona posuzumira ali pamenepo, ndipo satuluka pa chithunzi, chifukwa pa nthawi yojambula kaliloleyo amanyamuka ndipo kuwala kumapita molunjika pa filimu. Ine ndinajambula maukwati ambiri ndikuona kadontho pakona ya kumanzere, ndipo palibe mkwati ndi mmodzi yemwe amene anakapeza pa chithunzi chake. Chimodzimodzinso makatani a shatala amene mukuwaona mukatsegula kumbuyo: ndi nsalu yopyapyala yopakidwa mphira, ndipo chala chikangoikankha imapindika kapena kuboola.

Za batire, tengani kakobiri mutsegule kachivindikiro kozungulira ka pansi. Ngati batire lakale likadalimo, mwina laphulika n'kusiya unga woyera kapena wobiriwira. Muchotse ungawo ndi kathonje ka pa kamtengo konyowetsedwa pang'ono ndi vinega, chifukwa zimene zimatuluka m'batire lotere asidi wofooka amazisungunula, kenako mupukute ndi kathonje kena ka alcohol, muumitse, n'kuika LR44 kapena SR44 latsopano. Mabatire amenewa okonza mawotchi pamsika wa Kasungu amakhala nawo. Poyesa, ikani ASA, nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala, pa 100 ndi liwiro pa chilembo B, musuzumire, ndipo ngati batire lili bwino kasingano kakwera m'mwamba n'kukhala komweko. Mudziwenso kuti kamera imeneyi ilibe switchi yozimitsira. Kuwala kukamalowa pa lenzi batire limadyeka, choncho chivindikiro ndicho switchi yake.

Kulimba kwa shatala pa 1 ndi pa 2 kwachitika chifukwa mafuta akale a m'timagiya toyendetsa liwiro lapansi auma n'kukhala ngati nkhoko. Musathiremo mafuta alionse. Mafuta a makina osokera amayenderera, ndipo pakapita miyezi amakafika pa makatani ndi pa timasamba ta m'lenzi totsegula ndi kutseka kuwala, pamene sipafunika mafuta ngakhale dontho. Khalani pansi madzulo, muikoke ndi kuidina maulendo 20 pa liwiro lililonse, masiku angapo motsatizana. Nthawi zambiri imamasuka yokha. Ikakana, mwana wanu asadandaule, chifukwa pojambula ndi manja masana adzagwiritsa ntchito 60 kupita m'mwamba.

Chuku cha m'kati mwa lenzi ndiye nkhani yovuta. Ndi chamoyo, chimadya fumbi ndi mafuta a zala, ndipo chikakhalitsa chimatulutsa asidi amene amadya utoto wopyapyala wopakidwa pa galasi, kotero ngakhale chitachotsedwa mapazi ake amatsala. Kuchichotsa kumafuna kumasula lenzi ndi sipanala yakeyake, ndipo zimenezi musayese pakhomo. Ife kale tinkaika lenzi padzuwa tsiku lonse kuti chuku chife, ndipo inunso mungatero.

Mayi Nazulu, Kamwendo, Mchinji

Achemwali Nabanda, zimene alemba a Mwale pa kayeretsedwe ndikugwirizana nazo zonse, ndipo ine ndikufuna kuyankha funso lanu lomaliza la kasungidwe, chifukwa mukayeretsa n'kusunganso molakwika ntchito yonseyo ipita m'madzi pofika Febuluwale. Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno, ndipo vuto lomweli timalimbana nalo pa mamaikulosikopu, amene magalasi ake amagwidwa chuku mofanana ndi a kamera.

Koma ndiyambe ndi kusiyana nawo pang'ono bambo athuwa pa nkhani ya dzuwa, ndipo andikhululukire. N'zoona kuti kuwala kwa dzuwa kumafooketsa chuku, koma dzuwa la kuno la mwezi wa Okutobala limatenthetsa chitsulo mpaka osagwirika, ndipo kutentha kotero kumasungunula girisi wa m'lenzi n'kumuyendetsa kupita pa timasamba totsegula ndi kutseka kuwala. Timasamba timeneti tikanyowa mafuta timachedwa kutseka, ndipo zithunzi zonse zimatuluka zoyera mopitirira. Komanso lenzi imasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi, ndipo ikhoza kuwotcha nsalu kapena pepala limene yaikidwapo. Ngati mukufuna kuiwotheza, ichotseni pa kamera, muchotse zivindikiro zonse, muiike pa mbale yadothi kapena pa simenti m'mawa dzuwa lisanakwere, kwa ola limodzi, inu muli pomwepo. Mudziwenso kuti dzuwa silichotsa timizereto, limangothandiza kuti tisapitirire.

Chuku chimafuna zinthu zitatu pamodzi, zimene ndi chinyezi, mdima ndi mpweya wosayenda, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi inali nazo zonse. Chinyezi cha mumpweya chikamakhala pamwamba pa 65 peresenti kwa masiku ambiri, chuku chimamera. Pamene kamera imakhala bwino ndi pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuno ku Mchinji ngakhalenso kwanu ku Kasungu, m'nyumba zathu chinyezi chimapitirira malire amenewa kawirikawiri. Inu a kudera la fodya muli ndi choyezera chanu chimene makolo anachidziwa kale: m'mawa umene fodya wa m'chigafa wafewa moti alimi angamugwire ndi kumusankha osafumbutuka, tsiku limenelo mpweya wadzadza madzi. Mchere ukayamba kugwirana m'botolo, nsapato zachikopa zikayamba kuyera pansi pa bedi, dziwani kuti lenzi nayonso ili pa ngozi.

Njira yotsika mtengo ndi iyi. Gulani kontena yapulasitiki yoonekera m'kati, ya chivindikiro chotseka kwambiri, makamaka zija zokhala ndi mphira m'mphepete ndi zokowera m'mbali. Muikemo kamera yopanda chikwama, yopanda chitenje, pamodzi ndi silica gel, timibulu tija timene timabwera m'timapaketi m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Kapaketi kamodzi sikakwanira, ndipo timene takhala pamtetete tinakhuta kale madzi, choncho musonkhanitse tokwana dzanja lodzadza, mung'ambe timapaketito, muthire timibuluto m'poto wouma, n'kutenthetsa pa moto wa makala wozilala kwa ola limodzi kapena kuposerapo mukutakasa. Mu uvuni pamafunika madigiri 120 okha, kotero moto waukulu ungotiwononga. Tikazizira m'botolo lotseka, mutimange m'kansalu koyera n'kuika m'kontenamo. Pali mtundu wina umene umasintha maonekedwe ukakhuta: wabuluu umasanduka wapinki, ndipo wa olenji umasanduka wobiriwira. Mukaupeza umenewo ndiye mwapeza chabwino, chifukwa umakuuzani wokha nthawi youumitsanso. M'dzinja ine ndimaumitsa masabata awiri alionse. Kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi, kotchedwa hygrometer, kamapezeka m'mashopu ena ku Lilongwe, ndipo mukakaika m'kontenamo simuganiziranso mongopenekera.

Mwina wina akuuzani za mpunga, monga amachitira foni ikagwa m'madzi. Mpunga umamwa chinyezi pang'ono kwambiri, umatulutsa fumbi la ufa limene ndi chakudya cha chuku, ndipo umaitana anankafumbwe. Musauike.

Kontenayo ikhale pa shelefu ya m'mwamba, pakhoma la m'kati mwa nyumba, pamalo pamene kuwala kwa masana kumafika koma dzuwa silimenya. Isakhale m'chipinda chimene mumasungamo feteleza, chifukwa feteleza amakoka chinyezi ndipo amadyetsa zitsulo dzimbiri, monga mwaonera pa makasu ndi malata oyandikana naye. Isakhalenso kufupi ndi khitchini, popeza utsi umamatira pa galasi, ndipo timibulu ta njenjete tija tisalowemo. M'chilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, mdani ndi fumbi osati madzi, ndiye kontena yomweyo ikutetezanibe, koma musalole kuti chinyezi cha m'katimo chitsike pansi pa 30 peresenti chifukwa chikopa chakuda chomatidwa pa kamera chimakhwinyata n'kuyamba kumatuka.

Filimu nayo imadana ndi kutentha. Yosagwiritsidwa ntchito imasungika bwino m'furiji ili m'kabotolo kake kotseka, ndipo mukaitulutsa muidikire maola awiri musanatsegule kabotoloko, kuti mame asagwe pa filimu yozizira. Ngati magetsi kwanuko amazimazima, kuli bwino kuisunga pamalo ozizira a m'nyumba kusiyana ndi kuti izizizira ndi kufunda tsiku ndi tsiku.

Chisale, wokonza mawotchi, Kasungu

Amayi, ine ndingowonjezera pa zakuda zomata zija, chifukwa akuluakuluwa sanafikepo, ndipo popanda kukonza zimenezo filimu yoyamba ya mwana wanu idzawonongeka. Poyamba zinali siponji yopyapyala imene anaimata m'timingalande ta m'mphepete mwa chitseko ndi pa hinji, kuti kuwala kusalowe. Siponji yotere ikakalamba imasungunuka, ndipo kuwala kukalowa zithunzi zimatuluka ndi mizere yofiira kapena ya olenji, makamaka mbali ya ku hinji. Inanso ili pamwamba pa kalilole, pamene iye amakagunda akanyamuka, ndipo madontho amene mukuwaona posuzumira ndikukhulupirira kuti ndi nyenyeswa zake.

Ntchito imeneyi mungaigwire nokha ngati muli ndi mtima wodekha. Songolani kamtengo ka nsungwi kapena ka machesi kuti kalowe m'kangalandeko, mukulunge kansalu kakang'ono konyowa alcohol kunsonga, n'kumakokolola pang'onopang'ono mpaka chitsulo chiyere. Musagwiritse singano kapena lumo, chifukwa mukakanda utoto wakuda chitsulo chowala chimabweza kuwala pa filimu. Musanayambe, phimbani makatani a shatala ndi kakatoni kodula bwino kuti nyenyeswa zisagwerepo. M'kangalande ka pamwamba, kufupi ndi hinji, muona kachitsulo kakang'ono kotuluka, kamene kamabwezera nambala ya zithunzi poyambira mukatsegula chitseko, ndipo kameneko musakatseke ndi chilichonse.

Siponji yodula kale ya makamera imagulitsidwa pa intaneti, koma ngati simungaipeze, ulusi wakuda wolukira majuzi umagwira ntchito bwino m'timingalandemo, ndipo makamera ena akale ankatuluka kufakitale ali ndi chingwe chotere. Muukankhiremo ndi kamtengo komweko, ndipo guluu akhale kadontho kochepa pamakona pokha. Super glue ayi, chifukwa nthunzi yake imayeretsa magalasi. Pa hinji pamafunika kachidutswa ka nsalu yakuda ya felt, yosapitirira mamilimita awiri kunenepa, apo ayi chitseko chivuta kutseka. Ya pamwamba pa kalilole ndikupemphani kuti mupite nayo kwa munthu wozolowera zinthu zing'onozing'ono, chifukwa ili pafupi kwambiri ndi kagalasi kamene a Mwale akuletsani kukhudza.

Mukamaliza, usiku muzimitse nyale, muchotse lenzi, mutsegule kumbuyo, muike liwiro pa B n'kudina batani osalisiya kuti muone ngati makatani akutseguka mpaka kumapeto, kenako mulisiye kuti shatala itseke n'kuwalitsa tochi kutsogolo. Muyang'ane nsaluyo musanakoke ndiponso mutakoka, popeza makataniwo ndi awiri. Mukaona timadontho towala ngati nyenyezi ndiye kuti mphira wake unayamba kuthetheka, ndipo mutiuze. Posunga, muzisiya mutadina batani kuti masipuling'i apume, muchotse batire, ndipo kamodzi pa mwezi muziitulutsa n'kuiliza pa liwiro lililonse ndi kupotokola lenzi uku ndi uku. Wotchi imene yagona m'kabati zaka zisanu imabwera kwa ine itauma kuposa imene yavalidwa tsiku lililonse, ndipo kamera ndi chimodzimodzi.

Nabanda, Kasungu boma

Zikomo kwambiri nonse atatu, bambo Mwale, amayi Nazulu ndi achimwene Chisale. Ndatenga masabata awiri ndikutsatira zimene munalemba, ndipo ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Batire lakale linalimodi, litatupa ndi kuyera, ndipo nditatsuka ndi vinega n'kuika latsopano kasingano kanakana tsiku loyamba, koma nditapalanso kachitsulo ka m'kati mwa chivindikiro ndi labala ya pensulo kanadumpha n'kukwera m'mwamba. Amayi anali pomwepo, ndipo nditawapatsa kuti asuzumire anakhala chete nthawi yaitali kamera ili kumaso. Liwiro la 2 lamasuka, la 1 likadakokabe pang'ono. Timingalande tinanditengera madzulo atatu, ndipo ulusi wakuda walowa bwino. Pa makatani sindinaone kadontho kowala ngakhale kamodzi. Lenzi ndaiwotheza m'mawa kawiri monga ananenera amayi Nazulu, timizere tikadalipo m'mphepete koma pakati m'poyera, ndipo tsopano zonse zili m'kontena pamwamba pa kabati ya pabalaza.

Ndili ndi funso lina limene sindinaliyembekezere. Poyanika chikwama chija ndinapeza kathumba ka m'mbali kamene zipi yake inachita dzimbiri, ndipo m'katimo munali mafilimu awiri a Kodak Gold 200, onse lilime lake, nsonga ya filimu imene imatulukira kunja, litalowa m'kati. Pa imodzi pamatidwa kapepala kolembedwa ndi dzanja la bambo kuti "ukwati, Loweruka". Amayi akukumbukira kuti bambo anajambula ukwati wina milungu iwiri asanagonekedwe m'chipatala, ndipo eni ake anabwera kudzapepesa maliro koma za zithunzi sanafunse. Kodi patatha zaka zonsezi mungakhalebe kanthu?

Bambo Mwale, Mtunthama

Mayi Nabanda, ndakondwa kumva kuti kasingano kayenda, ndipo pa nkhani ya dzuwa amayi Nazulu andikonza bwino, chifukwa ndikakumbukira, lenzi yanga imodzi inayambadi kuchedwa kutseka chaka chimene ndinkaiyanika kwambiri.

Lilime likalowa m'kati ndiye kuti filimuyo inajambulidwa n'kubwezedwa, ndipo ife tinkachita dala chotero kuti tisaibwezerenso mu kamera molakwitsa. Chithunzi chimene sichinatsukidwe chimakhalabe pa filimu mosaoneka, koma chimafooka chaka ndi chaka, ndipo kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kufookako. Pa filimu ya mitundu, zigawo zake sizikalamba mofanana, choncho muyembekezere zithunzi zotuwa, za mchengamchenga, zopendekera ku mtundu umodzi, mwinanso ndi mawanga pamene chinyezi chinamatitsa filimu. Komabe nthawi zambiri nkhope zimaoneka, ndipo zikaikidwa pa kompyuta n'kusandutsidwa zakuda ndi zoyera zimaoneka bwino koposa.

Musayese kukoka lilimelo kapena kutsegula kachitiniko, ngakhale usiku, chifukwa kuwala kochepa kokha kufafaniza zonse. Muwaike m'kabotolo kouma kotseka, pamalo ozizira, ndipo musachedwe nawonso. Amafunika kutsukidwa ndi njira yotchedwa C-41, imene mankhwala ake amagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 38, ndipo malo otsukira atsala ochepa kwambiri masiku ano, kotero muyambe mwafunsa kwa ojambula akale a ku Lilongwe, ndipo mukalephera mutumize ndi munthu wodalirika wopita ku South Africa. Wotsukayo mumuuze zaka za mafilimuwo, mumupemphe atsuke imodzi kaye kuti aone mmene yatulukira asanakhudze inayo, ndipo muyambe ndi yopanda kapepala. Mumuuzenso kuti akubwezereni manegativu onse ngakhale ataoneka ngati mulibe kanthu, chifukwa makina osindikizira amadumpha zithunzi zofooka zimene sikana yabwino ingathe kuzitulutsa.

Mnyamatayo mumugulire filimu yatsopano ya zithunzi 24 kapena 36 ya ISO 200 (pa kamerayo ndi ASA 200), ndipo ajambule yonse m'masiku ochepa, akulemba m'kope liwiro ndi kabowo ka lenzi kolowera kuwala pa chithunzi chilichonse, kuti ikatsukidwa tidziwe ngati ulusi wanu ukutseka kuwala ndiponso ngati chuku chikuoneka. Padzuwa lowala ayike kabowo pa f/16 (16 pa nambala za pa lenzi) ndi liwiro pa 250, kukachita mitambo f/8, ndipo aziyerekeza ndi zimene kasingano kakunena. Pakadali pano apewe kujambula moyang'anizana ndi dzuwa, chifukwa m'pamene timizere ta m'mphepete timachititsa chithunzi kuoneka ngati muli utsi. Za ukwati uja, afunseni amayi anu dzina la mudzi ndi la banjalo panopa akukumbukira, mulembe pa kapepala n'kusunga pamodzi ndi mafilimuwo, kuti zithunzi zikatuluka mudzadziwe khomo lokaperekako.